Za Nyanja ya Chilwa ndi Maiwe Amene Amaisungira Mbewu

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za nyanja ya Chilwa ndi madambo ake. Ambiri a inu simunaione nyanjayi ndi maso, koma mwadyako za m'menemo. Pakuti matemba aja amayi amagula pa msika, ndi milamba yowamba imene imafika kumudzi m'madengu a pa njinga, zambiri mwa izo zimachokera kumeneko. Chifukwa chake nkhani iyi siili ya asodzi okha ayi. Ili ya nyumba iliyonse imene imafuna ndiwo pa nsima.

Chilwa ili kum'mawa kwa phiri la Zomba, ndipo gombe lake limakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Tsidya la kum'mawa lili m'malire a Mozambique. Mitsinje yothira madzi m'menemo ndi yambiri: Domasi ndi Likangala yochokera ku mapiri a Malosa ndi Zomba, Thondwe ndi Namadzi, Phalombe ndi Sombani yochokera ku mbali ya Mulanje, ndi Mnembo wochokera ku Mozambique. Koma chodabwitsa nchakuti palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulukamo. Kumpoto kuli mtunda wa mchenga wolekanitsa Chilwa ndi nyanja ya Chiuta, ndipo pa mtunda umenewo ndi pamene padzera njanji yopita ku Nayuchi. Tsono madzi akalowa m'Chilwa alibe njira ina yotulukira koma kukwera kumwamba ndi dzuwa, ndipo pokwerapo amasiya mchere wake pansi. Nchifukwa chake madzi a pakati pa nyanja ali ndi kamchere, makamaka m'chilimwe. David Livingstone, amene anafika pa gombe lake mu Epulo 1859, analemba kuti madziwo ali owawa pang'ono.

Nyanjayi ndi yosazama. M'malo ambiri madzi sapitirira msinkhu wa munthu wamtali, kotero kuti asodzi amayendetsa bwato pokankha pansi ndi nsungwi. Pakati pali madzi oyera opanda udzu. Kuzungulira madziwo kuli dambo lalikulu la njedza, lowirira kotero kuti mlendo akalowamo yekha sangadziwe kotulukira, ndipo m'menemo ndi mmene asodzi amamanga zimbowera, ndiwo timisasa toyandama tomwe amagonamo masabata ambiri osaona kwawo. Kunja kwa njedza kuli chigwa cha udzu, chimene madzi amachimiza m'dzinja nachisiya m'chilimwe, pamene anthu amalimamo mpunga ndi kudyetsamo ng'ombe. Zitatu izi, madzi, njedza ndi chigwa, zili thupi limodzi. M'zaka zabwino, monga kumapeto a zaka za m'ma 1970, thupi limeneli linapereka nsomba zoposa matani 20,000 pa chaka, gawo lalikulu ndithu la nsomba zonse za dziko la Malawi.

Koma Chilwa imaphwa. Ichi sichinayambe lero, ndipo tisanamize ana athu kuti kale sizinkachitika. Zolembedwa zikusimba za kuphwa kwakukulu pakati pa 1913 ndi 1916. Inaumanso mu 1968, ndi mu 1995, pamene anthu anayenda pansi kufikira ku chilumba cha Chisi, podzera pamene kale pankadzera mabwato. Mu 2012 madzi anachepa kwambiri, ndipo mu 2018 gawo lalikulu la nyanja linasanduka matope ong'aluka, mabwato ali mbwee pa doko la Kachulu, opanda madzi owanyamula. Mvula yaikulu ya mu Malichi 2019 ndiyo inaidzazanso. Mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, nyanja yosazama yotere siingathe kulimbana ndi dzuwa. Madzi otsala amachuluka mchere, mphepo imavundula matope, ndipo nsomba zimafa zambirimbiri nyanja isanaume nkomwe.

Apa ndi pamene pagona funso limene tifuna kuti mulilingalire. Ngati nyanja yauma, nsomba zafa, ndipo palibe mtsinje woilumikiza ndi nyanja ina, nanga nsomba zimene zimaonekanso madzi akabwerera zimachokera kuti? Sizigwa ndi mvula, ndipo sizimera m'matope ngati bowa.

Aphunzitsi a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi mayi Margaret Kalk, anaiyang'anira nyanjayi zaka zambiri, isanaume mu 1968, itauma, ndi pamene inadzazanso. Ndipo zimene anaona anazisonkhanitsa m'buku limene linatuluka mu 1979. Anapeza chimene asodzi akale ankachidziwa kale, kuti madzi a m'nyanja akayamba kuipa nsomba zina zimathawira ku mitsinje, nizikhala m'maiwe akuya amene saphwa angakhale mtsinje utaleka kuyenda, ndiponso m'matamanda otsala pakati pa njedza pamene mitsinje imathira. M'menemo zimadikira, zochepa, zothinana, zosavuta kugwira. Mvula ikabwera, mitsinje nidzala, zimatuluka kukaswana m'udzu womizidwa, ndipo ana ake amatsika ndi madzi kukadzaza nyanja. Mlamba ndiwo umayamba kuchuluka, pakuti uli wopirira: umatha kupuma mpweya wa kunja, nukhala ndi moyo m'madzi a matope mmene nsomba zina sizingakhale. Matemba amatsatira msanga, popeza amaswana kwambiri. Makumba ndiwo amachedwa, chifukwa nsomba yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake, ndipo siibala ochuluka monga temba. Pamapita zaka ziwiri kapena zitatu asanaonekenso bwino m'makoka.

Taonani tsono, abale, kuti nyanja yonse ija, ndi matani ake onse aja, m'chaka cha chilala imakhala itasungidwa m'maiwe owerengeka a m'Likangala, m'Domasi, m'Phalombe ndi m'mitsinje inzake. Mlimi aliyense adziwa kuti angakhale njala ikule chotani, chimanga cha mbewu chimene chapachikidwa pa tsindwi sichipita ku mtondo. Mayi angathe kulira poona ana ali ndi njala, koma ngala zija sazigwira, pakuti adziwa kuti akazikonola lero sadzakhala ndi chobzala mvula ikagwa. Maiwe aja ndiwo ngala za pa tsindwi za nyanja ya Chilwa.

Ndipo yesero lake ndi lomwelo. M'chaka chimene nyanja yauma msodzi alibe ntchito, mitengo ya nsomba yakwera, ndipo pafupi ndi mudzi pali dziwe lodzala nsomba zimene zilibe kothawira. Munthu mmodzi akasinja katupe nakathira m'dziwemo usiku, pofika m'mawa zonse zili kuyandama, zazikulu ndi zazing'ono, za mazira ndi tiana tomwe sangatitole nkomwe. Adzadya mlungu umodzi, nagulitsako pang'ono. Koma dziwe limenelo silidzatumizanso kanthu ku nyanja. Khoka lokokedwa m'dziwe lopapatiza limachita chimodzimodzi, kungoti pang'onopang'ono.

Mu 1995 anthu a ku Chilwa anachita chinthu choyenera kukumbukiridwa. Mafumu a m'mphepete mwa nyanja ndi mitsinje anakhala pansi pamodzi ndi asodzi ndi akuluakulu a boma oyang'anira za nsomba, napangana kuti katupe aletsedwe, ndi kuti makoka asakokedwe m'maiwe ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja kufikira madzi atabwerera. M'midzi munasankhidwa makomiti olondera maiwewo. Sichinali chinthu chapafupi kuuza munthu wanjala kuti asiye nsomba imene akuiona ndi maso. Koma pangano linagwira, chifukwa amene ankalondera anali eni mudzi, odziwa dziwe lililonse ndi munthu aliyense woyenda usiku. Madzi atabwerera nsomba zinabwereranso, ndipo m'zaka zochepa asodzi anali pa ntchito yawo. Kuyang'anira nsomba pamodzi kwa boma ndi anthu a m'midzi ku Chilwa kunayambira pamenepo.

Koma tsono dziwe lingathe kufa popanda katupe, ndipo apa nkhani ikufika kwa inu amene mukhala kumtunda, kutali ndi gombe. Dziwe limakhala dziwe chifukwa nlakuya. Mitengo ikadulidwa pa mapiri kuti iwotchedwe makala, minda ikalimidwa kufikira pa mlomo penipeni pa mtsinje, mvula imakokolola nthaka niitsitsira m'madzi. Ndipo mchenga ndi matopewo, pofuna pokhala, amayamba kudzaza malo akuya. Funsani nkhalamba za m'mudzi mwanu za maiwe amene ankasambiramo ali ana, amene munthu ankamira osaoneka tsitsi; ambiri a iwo lero ana amawaoloka madzi ali m'maondo. Dziwe losazama limatentha msanga, niliphwa chilimwe chisanathe, ndipo nsomba zothawiramo zimafera momwemo. Komanso phiri lopanda mitengo silisunga madzi: limawataya onse pa kamodzi m'dzinja, ndipo pofika Okutobala akasupe amene ankadyetsa mtsinje amakhala atauma. Matope opitirira maiwe amakathera m'nyanja, imene, monga tanena, ilibe potulutsira kanthu.

Sitikunena kuti dimba nloipa. Dimba lapulumutsa mabanja ambiri m'miyezi ya njala, ndipo mpunga wa ku minda yothirira ya Likangala ndi Domasi wadyetsa anthu, nuphunzitsa ana ambiri sukulu. Koma wolima dimba asiye mpata pakati pa khasu lake ndi madzi, mmene bango, nsungwi, mikuyu ndi udzu zikhale osadulidwa, pakuti mizu yake ndiyo imagwira gombe. Mizere iwiri ya mpiru imene aipeza polima mpatawo mtsinje udzaitenga, pamodzi ndi ina khumi. Ndipo otseka mtsinje kuti apatutsire madzi ku minda m'chilimwe akumbukire kuti kumunsi kuli anthu akumwa, ng'ombe, ndi maiwe aja. Mtsinje suli wa woyamba kuufika.

Chigwa nachonso chili ndi ntchito imene sitiiona kufikira tsiku la tsoka. Anthu a ku Zomba akumbukira napolo wa mu Disembala 1946. A ku Phalombe sadzaiwala madzi ndi miyala zimene zinatsika ku phiri la Michesi mu Malichi 1991. Ndipo tonse tidakali ndi chisoni cha namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Madzi otere akatsika ku mapiri ayenera kupeza poyala. Chigwa chimawalandira, nichiwatambasula pa malo aakulu; udzu ndi njedza zimawafooketsa mphamvu ndi kuwasefa matope, ndipo pambuyo pake zimawabweza pang'onopang'ono. Makolo ankamanga midzi pa mitunda, namatsikira ku chigwa kukalima ndi kukadyetsa ziweto madzi akachoka. Ankadziwa kuti chigwa ndi malo obwereka, mwini wake ndi madzi, ndipo amabwera kudzawatenga osalonjera. Masiku ano anthu achuluka, malo achepa, ndipo m'zaka zouma ena amamanga nyumba pamene agogo awo sakanagonapo usiku umodzi. Sitiwadzudzula, pakuti kusowa ndiko kumawatsitsira kumeneko. Koma mafumu ogawa malo ali ndi udindo wolemera, ndipo kukana kupereka malo a m'njira ya madzi ndi chifundo choposa kuvomera. Otentha njedza m'chilimwe kuti atsegule minda kapena asake mbewa adziwenso kuti akutentha mpanda woteteza nyanja ndi chisa cha nsomba pamodzi.

Tinenepo pang'ono za mbalame. M'madambo a Chilwa muli mitundu ya mbalame yoposa 150: atsekwe, abakha a kuthengo, akakowa, avuwo ndi zina zambiri, ndipo zina mwa izo zimachokera ku Ulaya ndi ku Asia, kuthawa chisanu cha kwawo, nizibwerera nyengo yake ikakwana. Chifukwa cha mbalamezi, pamene Malawi analowa mu 1997 m'pangano la maiko losamala madambo, limene linasainidwa ku Ramsar m'dziko la Iran mu 1971, Chilwa ndiyo inali malo oyamba kulembedwa, mahekitala 224,800. Mu 2006 bungwe la UNESCO linailembanso pakati pa malo ofunika kusamalidwa pamodzi ndi anthu okhalamo, ndipo mu 2017 dambo la Elephant Marsh, m'chigwa cha Shire, linakhala lachiwiri m'pangano la Ramsar. Tsiku lokumbukira madambo pa dziko lonse ndi 2 Febuluwale, tsiku lomwelo limene ife timadalitsa makandulo pa chaka cha Kuperekedwa kwa Ambuye m'Kachisi. Kotero mkhristu sangavutike kulikumbukira. Koma dzina lolembedwa m'mabuku a maiko silibisa mbalame kwa msampha. Nsomba zikasowa anthu amatembenukira ku mbalame, ndipo zimagwidwa zambiri zedi. Osaka mbalame ena anadzipangira magulu, napatula malo oswanirana kuti asalowemo munthu m'nyengo ya mazira. Ndiyo nzeru yomweyo ya maiwe, itavala nthenga.

Kodi zonsezi zikhudzana bwanji ndi chikhristu chathu? Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, yolima ndi yosunga. Ife yoyambayo timaidziwa bwino, yachiwiriyo timaiiwala. Papa Francis, m'kalata yake ya mu 2015 yotchedwa Laudato Si', anatchula madambo mwa zinthu zimene zimataya zamoyo zake zambiri zikasandutsidwa minda, nakumbutsanso kuti chilengedwe chikaonongeka oyamba kuvutika ndi amphawi. Ku Chilwa izi zimaoneka ndi maso. Mwini makoka ndi mabwato, nyanja ikauma, amanyamula zake kupita ku Chiuta, ku Malombe kapena ku nyanja ya Malawi; otsala ndi mayi wamasiye amene ankayanika matemba, mnyamata wokoka khoka la eni, ndi wogulitsa nkhuni kwa owamba nsomba. Lamulo lachisanu ndi chiwiri timalimva ngati likamba za mbuzi ya mnzathu ndi nkhokwe yake basi. Koma wothira katupe m'dziwe watenga ndiwo za midzi imene sanaionepo, ndi za ana amene sanabadwe, ndipo alibe njira yobwezera. Ndi chinthu choyenera kuchiika m'maganizo pokonzekera kulapa.

Tidziwa kuti kulankhula nkwapafupi. Boma limatseka usodzi wa makoka pa Chilwa m'miyezi ya mvula, kuyambira mu Disembala, pamene nsomba zikuswana. Ndipo miyezi imeneyi ndiyo yomwe nkhokwe zapepuka, feteleza afunika, ndi ana afuna za kusukulu. Msodzi amene wapachika khoka lake m'miyezi imeneyo, akuona mnzake akukoka usiku ndi kugula njinga, ali pa mayeso aakulu. Pano mpamene Miphakati yathu ingagwire ntchito. Mabanja a asodzi athandizane kusunga ndalama m'miyezi ya nsomba zambiri, monga Yosefe anasungira tirigu ku Ejipito m'zaka za dzinthu. Amene ali ndi munda wa mpunga apereke ganyu kwa mnzake wa m'Mphakati amene wasunga lamulo. Ndipo mkhristu wosankhidwa m'komiti ya pa doko asalandire chiphuphu cha nsomba kuti atseke maso, pakuti komiti ikagulidwa kamodzi anthu onse amadziwa mtengo wake. Owamba milamba ayesenso mauvuni osatha nkhuni amene anayamba kufala m'madoko ena m'zaka za pambuyo pa 2010, pakuti utsi wowamba nsomba wadya mitengo yambiri ya ku Chisi ndi ya m'mphepete mwa nyanja.

Mawu otsala ndi a inu amayi, amene mugwira ndalama ya ndiwo. Masikito aja amaperekedwa ku chipatala kuti mayi woyembekezera ndi mwana agonemo osalumidwa ndi udzudzu. Ena amawasoka pamodzi kukhala khoka, ndipo maso ake ndi aang'ono kotero kuti palibe kanthu kopulumuka, angakhale kamwana ka nsomba kongoswedwa kumene. Nyumba imene yapereka masikito ake ku nyanja yaitana malungo pa mphasa ya mwana, niyathandiza kupha nsomba za chaka cha mawa. Zogwidwa ndi khoka lotere muzizindikira pa msika: tinsomba tosafika utali wa chala chaching'ono, tosakanizika mitundu, timakumba ndi timilamba tili pamodzi ndi matemba, togulitsidwa motchipa pa mulu waukulu. Wogulitsa amabwera nato chifukwa adziwa kuti tidzagulidwa, ndipo msodzi amatikoka chifukwa wogulitsa akudikira pa gombe. Mukatipeza m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, funsani kumene tachokera. Ndipo ngati kuli kotheka, masabata amenewo mphika ulandire nyemba, nkhwani kapena chisoso, zimene m'dzinja sizisowa kuseri kwa nyumba.